Kalata imodzi ili m'manja, ina ikadali m'njira

Kalata yondipatsa malo ophunzirira ntchito inafika pa imelo Lachinayi pa 29 June 2023, ndili m'minibasi yochokera ku yunivesite ya UNZA kupita ku Kaunda Square, kumene ndinkakhala ndi atsibweni anga. Ndinali m'chaka chomaliza cha maphunziro a zamalamulo, ndipo monga zinalili ndi anzanga onse a m'kalasi, mtima wanga unali utadumpha kale mayeso a payunivesite n'kukafika ku ZIALE, sukulu imene munthu wa digiri ya zamalamulo amadutsamo asanalandiridwe kukhala loya woimira anthu m'makhoti a m'Zambia. Wophunzira wa kumeneko amafunika kukhala ndi ofesi imene akuphunzirirako ntchito kwinaku akupita m'kalasi, ndipo popeza malo abwino amatha msanga, ambiri a ife tinayamba kumwaza makalata chaka chisanafike pakati.

Amene anandilembera anali ofesi yaing'ono ya maloya awiri, imene mwini wake wamkulu ndi mayi amene wakhala nthawi yaitali pa milandu ya malo ndi ya chuma cha masiye. Anati ndiyambe kubwera masiku awiri pa mlungu, ndipo ndikamaliza digiri ndidzapitirize ngati wophunzira ntchito nthawi yonse ya ku ZIALE. Alawansi yake inali yokwanira basi ndi chakudya cha masana, kutsalako pang'ono. Pamapeto pa kalatayo panali chiganizo chimodzi chimene ndinachiwerenga mothamanga: ndiyankhe pasanathe masiku asanu ndi awiri.

Vuto linali lakuti pakati pa mwezi womwewo ndinali nditachita intavyu yoyamba ku ofesi ina yaikulu, ya maloya ambiri, imene imagwira ntchito za mabanki ndi makampani, ndipo anali atandiitana kuti ndikaonane ndi akuluakulu ake Lachiwiri pa 11 July. Anzathu amene anatsogola kumeneko ankanena kuti malipiro ake ndi pafupifupi kuwirikiza kawiri, komanso kuti ena amathandizidwa kulipira gawo la fizi. Kwa mwana wa mlimi wa ku Katete, amene amayi ake anagulitsa mtedza ndi soya kuti afike pamene anafikapo, nkhani ya fizi sinali yoiponda ndi phazi.

Cholakwa changa choyamba ndinachichita m'minibasi momwemo. Ndinatenga foni n'kuwerengera masiku, ndipo popanda wondiuza ndinaganiza kuti masiku asanu ndi awiriwo ndi ogwira ntchito okhaokha. Lolemba loyamba la July kuno ndi tchuthi cha Heroes' Day, ndipo Lachiwiri lotsatira ndi Unity Day, choncho nditachotsa Loweruka, Lamlungu ndi masiku awiri a tchuthiwo, tsiku lomaliza linagwera Lachitatu pa 12 July, tsiku limodzi pambuyo pa intavyu yanga yachiwiri. Ndinaona ngati Mulungu wandikonzera kalendala. Sindinayankhe kalatayo ngakhale kungothokoza kuti ndailandira, ndipo ndinalowa m'tchuthi chachitalicho mtima uli m'malo.

Masiku amenewo ndinamva uphungu wochuluka, wambiri wake wochokera kwa anthu amene anali asanalandirepo kalata yotere. Mnzanga wina wa m'gulu lathu lowerengera limodzi anati ndisadzivute, ndivomere kwa amayiwo lero, ndipo akuluakulu aja akandifuna ndidzangolemba kalata yopepesa, pakuti palibe loya amene angataye nthawi yake kusumira wophunzira. Wina anati ndikhale chete mpaka atandiimbira okha. Atsibweni anga, amene anagwira ntchito ya ukalaliki zaka zambiri asanapume, anamvetsera zonse tikudya nsima Lamlungu masana, ndipo atasamba m'manja anangoti, "Mwanawe, mapanga awiri avumbwitsa. Koma kodi masiku ukuwerengawo, anakuuza ndi iwo kapena wadziuza wekha?" Ndinawayankha ngati loya kuti m'maofesi amawerenga masiku ogwira ntchito. Iwo sanatsutse, anangonyamula wailesi yawo n'kutuluka panja.

Funso lawolo linandigwira Lachiwiri usiku, ndikubwereza zolemba zanga za malamulo a mapangano pothandiza mtsikana wina wa chaka chachiwiri. Malamulo athu a mapangano anachokera kwambiri ku England, kudzera mu English Law (Extent of Application) Act, ndiye milandu yakale ya kumeneko timaiphunzira ngati yathu. Ndinafika pa mlandu wa Routledge v Grant wa mu 1828, umene munthu anapatsa mnzake milungu isanu ndi umodzi kuti aganize, koma anasintha maganizo nthawiyo isanathe, ndipo khoti linati anali ndi ufulu wotero, chifukwa amene sanalandire kanthu posunga lonjezo lodikira sali womangidwa nalo. Mlanduwu ndinauloweza n'kuulembera mayeso, koma usiku umenewo ndi pamene ndinazindikira kuti ukunena za ine. Ngakhale kuwerengera kwanga kukanakhala kolondola, amayi aja akanatha kupereka malowo kwa wina tsiku lililonse ndisanavomere, ndipo kukhala chete kwanga kwa masiku asanu kunali kuwapatsa chifukwa chabwino chochitira zimenezo. Nditawerenganso kalatayo modekha ndinapeza kuti mawu akuti ogwira ntchito mulibe. Ndinawaikamo ndekha chifukwa ndinkawafuna.

Lachitatu pa 5 July nthawi ya 8 koloko ndinaimbira foni ku ofesi yaing'onoyo. Mlembi wawo anandiuza mosazengereza kuti masikuwo ndi a pakalendala, ndipo tsiku lomaliza ndi mawa lake, Lachinayi. Anawonjezera kuti bwana anafunsa kale kawiri ngati imelo ija inandipeza.

Ndinakhala pansi pafupi ndi Goma Lakes, pa UNZA pomwepo, n'kuyamba kulemba kalata yopempha nthawi, ndipo pano ndi pamene ndikufuna kuti wophunzira mnzanga amvetsetse, chifukwa kalata yoyamba imene ndinalemba ikanandiwonongera zonse. M'kalata imeneyo ndinalemba kuti ndine wokonzeka kuvomera ngati angandipatse mpaka pa 14 July komanso ngati angaganizireko zokweza alawansi. Ndisanaitumize ndinakumbukira Hyde v Wrench wa mu 1840, mlandu umene umaphunzitsa kuti ukayankha ndi mfundo zako zatsopano wapha zimene unapatsidwa poyamba, ndipo sungabwererenso kukazivomera ngati mwini wake sakufuna. Pali kusiyana pakati pa zimenezi ndi kungofunsa, monga khoti linanenera mu Stevenson, Jacques & Co v McLean mu 1880, pamene ogula chitsulo anatumiza telegalamu yofunsa ngati malondawo angachitike pang'onopang'ono m'miyezi iwiri, ndipo zinaweruzidwa kuti limenelo linali funso chabe, osati kukana. Sindikunena kuti amayiwo akanatsegula buku kuti andigwire ndi mawu anga. Chimene ndikunena n'chakuti nzeru imene ili m'milandu iwiriyi ndi yomweyo imene munthu wolemba ntchito amaimva mumtima: wina akufunsa mwaulemu, wina wayamba kukambirana mtengo asanalowe n'komwe pakhomo.

Ndinafufuta nkhani ya ndalama yonse. Kalata imene ndinatumiza inali ya ziganizo zisanu. Ndinathokoza chifukwa cha malowo, ndinapepesa kuti ndinachedwa kusonyeza kuti kalata yawo ndailandira, ndinanena zoona kuti pali ofesi ina imene ndinayamba nayo zokambirana iwo asanandilembere ndipo ndikufuna kuimaliza nkhaniyo mwaulemu, ndinafunsa ngati n'kotheka kundidikira mpaka Lachisanu pa 14 July, ndipo ndinamaliza ndi kunena kuti ngati n'kosatheka ndidzayankha mawa lake monga kalata yawo inanenera. Dzina la ofesi inayo sindinalitchule, ndipo sanandifunse. Ndinaganizapo zonama kuti ndikudikira kukambirana ndi makolo kumudzi, pakuti bodza limenelo limamveka bwino kwa anthu akuluakulu, koma maloya a mu Lusaka amakumana tsiku ndi tsiku m'makonde a High Court ndi pa misonkhano ya LAZ, bungwe la maloya a m'Zambia, ndipo zoti ndinakachita intavyu kwina zikanawafika mlungu usanathe.

Masana a tsiku lomwelo mlembi anandiimbira kuti bwana akufuna ndipite. Ndinawapeza atakhala kuseri kwa mulu wa mafayilo omangidwa ndi zingwe, magalasi ali pamphuno, kapu ya tiyi itazizira pambali. Anayamba m'Chingerezi, koma ataona dzina la kwathu pa pepala anatembenukira m'Chinyanja. "Mwana wanga, mwachita bwino kunena zoona, koma mwachedwa nazo. Kalata ikabwera mumayankha tsiku lomwelo kuti mwailandira, ngakhale musanaganize chochita. Kasitomala akadzakulemberani, mudzakhalanso chete masiku asanu?" Ndinati, "Ayi, amayi, ndalakwa." Anatsegula kabuku kawo ka masiku n'kundionetsa kuti pali mnyamata wina amene anabwera wachiwiri pa intavyu, amene anamuuza kuti adikire, ndipo nayenso ali ndi kwina kumene akumufunsa yankho. Anati pa 14 n'patali, koma andipatsa mpaka Lolemba pa 10 July nthawi ya 12 koloko masana, ndipo anauza mlembi kuti anditumizire imelo yotsimikizira tsiku latsopanolo.

Za mnyamata ameneyo sindinaganizepo n'kamodzi komwe masiku onse aja. Ndinkaona tsiku lomaliza ngati chingwe chimene olemba ntchito amamangira nacho wophunzira kuti asayang'ane kwina, ndipo kwina zimakhaladi choncho, makamaka kumene amakupatsa tsiku limodzi kapena awiri n'kukana kufotokoza chifukwa. Koma pano linali tsiku limene munthu wina wonga ine, wokwera minibasi ngati ine, ankayembekezera kuti adziwe ngati akane kwina kapena ayi.

Popeza ndinali nditakhala kale pampando, ndinafunsa mafunso amene ndikanayenera kufunsa pa intavyu. Ndinafunsa amene adzayang'anire ntchito yanga, ngati ndidzaloledwa kuchoka nthawi yabwino kuti ndikafike m'kalasi, masiku angati amene ndidzapatsidwe mayeso akayandikira, ndiponso chimene chidzachitike ngati ndidzalephere maphunziro ena ulendo woyamba. Funso lomalizali ambiri amaliopa ngati kudzilodza, koma aliyense amene amatsata nkhani za m'dziko muno amadziwa kuti mayeso a ku ZIALE amagwetsa anthu ambiri, ndipo ndi bwino kudziwiratu ngati ofesi idzakusunga pamene ukubwereza. Amayiwo anati ntchito yanga adzaiona okha, kuti mwezi wa mayeso sindidzagwira fayilo, ndipo kuti sanachotsepo munthu chifukwa chobwereza.

Madzulo ake ndinalembera ofesi yaikulu ija. Ndinawauza kuti ndalandira kalata ya malo kwina imene ikutha Lolemba masana, kuti ndikadali ndi chidwi chachikulu ndi ofesi yawo, ndipo ndinafunsa ngati intavyu ya pa 11 ingabwezedwe m'mbuyo. Ndinkaopa kuti aona ngati ndikudzikweza, koma yankho linabwera m'mawa mwake, lalifupi ndi laulemu, kuti ndipite Lachisanu pa 7 July. Pamenepo ndinaphunzira kuti pempho lotere si lachilendo kwa anthu a ntchito yolemba anthu, malinga likhale loona ndipo likhale ndi tsiku lenileni. Amene amanama kuti ali ndi kalata kwina pofuna kufulumizitsa zinthu amadziika pangozi yoyankhidwa kuti zikomo, pitani konko.

Intavyu ya Lachisanu inayenda bwino kuposa momwe ndinkayembekezera. Pamapeto pake mmodzi wa akuluakuluwo anandiperekeza mpaka pa chitseko, anandigwira chanza n'kunena kuti ndidziwerengere ngati mmodzi wa iwo, kungoti kalata iyenera kusainidwa ndi mkulu wa onse, amene anali ku Ndola pa mlandu, ndipo idzatuluka mlungu wamawa. Ndinapempha ngati angathe kunditumizira ngakhale imelo ya mizere itatu yonena udindo, malipiro ndi tsiku loyamba lisanafike Lolemba m'mawa. Anati ayesetsa.

Loweruka ndi Lamlungu limenelo sindidzaliiwala. Ndinkatsegula imelo mphindi zilizonse, ndipo magetsi atazima Loweruka madzulo ndinapita kukatchajitsa foni pa kantemba ka pamsika kuopa kuti uthenga ungabwere foni ili yozima. Ndinadziuza kuti pangano la pakamwa nalonso ndi pangano, zimene n'zoona, koma ndinadziwanso kuti mawu a pachitseko aja analibe malipiro, analibe tsiku, ndipo amene anawanena anali atandiuza yekha kuti mphamvu yomaliza ili ndi wina. Ndinawerenganso Employment Code Act ya mu 2019, imene imafuna kuti pangano la ntchito la miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo likhale lolembedwa, ndipo imalola nthawi yoyesedwa ya miyezi itatu imene ingawonjezeredwe ndi ina itatu. Zimenezi zinandikumbutsa kuti ngakhale kalatayo ikanabwera, panali zambiri zoti ndiwerenge ndisanasangalale, kuphatikizapo ngati thandizo la fizi lija lilimodi komanso ngati silimangirira munthu kugwira ntchito zaka zingapo pobweza.

Ndinaganiziranso uphungu wa mnzanga uja wakuti ndivomere kwa amayiwo n'kudzathawa. Pa nkhani ya malamulo iye sanalakwitse kwenikweni, chifukwa makhoti sakakamiza munthu kugwira ntchito pamene sakufuna, ndipo zimene ofesi ingataye chifukwa cha wophunzira amene sanayambe n'komwe n'zovuta kuziwerengera. Koma ndinali nditaona kabuku ka masiku kaja ndi maso anga. Ndikanavomera Lolemba, mnyamata uja akanauzidwa Lolemba lomwelo kuti malo adzaza, ndipo ine pothawa pambuyo pa milungu iwiri ndikanasiya mpando umene iye sakanathanso kuubwerera. Komanso ntchito imene ndinkafuna kulowa ndi imene loya amalonjeza mnzake pa foni kuti adzatumiza chikalata kapena ndalama, ndipo mnzakeyo amachitapo kanthu podalira mawu okhawo. Sindinaone momwe ndingayambire ntchito yotere ndi kuphwanya lonjezo langa loyamba kwa loya.

Lolemba ndinadikira mpaka 10 koloko, ndinaimba foni ku ofesi yaikulu, ndipo anandiuza kuti mkulu uja sanabwere. Nthawi ya 11 ndinali pa ofesi ya amayi aja. Ndinasaina makope awiri a kalatayo, ndinapempha mlembi kuti adinde chidindo cha tsiku pa langa, ndipo ndisanatuluke pa geti ndinalembera ofesi yaikulu kuwathokoza chifukwa chosuntha intavyu ndi kuwadziwitsa kuti ndavomera kwina, kotero asandiwerengerenso. Chala chinakhala pa batani lotumizira nthawi yaitali, chifukwa mtima unkandiuza kuti ndingokhala chete ndione ngati kalata yawo ibwera. Ndinatumiza.

Kalata yawo inabwerabe, Lachitatu pa 19 July, mwina chifukwa uthenga wanga sunafike kwa amene ankakonza mapepala. Malipiro anali monga momwe anzathu ankanenera, ndipo thandizo la fizi linalimo, ngakhale linali ndi mfundo yakuti ndikachoka zisanathe zaka ziwiri nditalandiridwa kukhala loya ndidzabweze. Ndinaiwerenga katatu nditakhala pa bedi, ndipo sindibisa kuti ndinalira. Atsibweni anandipeza choncho, anaiwerenga nawonso atavala magalasi awo, n'kundifunsa kuti, "Nanga kuja unasaina, unasaina ndi pensulo?" M'mawa mwake ndinayankha kalatayo kuti ndikuthokoza koma ndinadzipereka kale kwina, monga ndinawadziwitsira pa 10 July.

Sindinganene kuti zonse zinandikomera chifukwa cha chisankho chimenecho. Fizi ya ku ZIALE inativuta kwambiri, amayi anga anagulitsa ng'ombe imodzi mwa zitatu zimene bambo anasiya, ndipo panali miyezi imene ndinkayenda wapansi mbali ina ya ulendo kuti ndalama ya basi ifike kumapeto a mwezi. Mnzanga wina amene anavomera malo awiri n'kuthawa amodzi akugwira ntchito bwinobwino mpaka lero, ndipo palibe chimene chinamuonekera chimene ine ndikuchidziwa, kupatula kuti akaona loya amene anamuthawayo pa kaundula wa khoti amatembenuka n'kuyamba kuwerenga zolengeza za pakhoma. Kumbali yanga, ndinapeza munthu amene ankakhala nane pansi ndi cholembera chofiira pa chikalata chilichonse chimene ndalemba, ndipo mwezi wa mayeso sanandipatse fayilo monga analonjezera.

Chimene ndimabwerera kuchiganizira ndi masiku asanu aja amene ndinakhala chete. Ndikanayankha Lachinayi lomwelo, kufunsa ngati masikuwo ndi a pakalendala, ndi kulembera ofesi yaikulu Lachisanu pa 30 June tchuthi chisanayambe, intavyu yachiwiri ikanatha kuchitika Lachitatu pa 5 July, ndipo mwina mkulu uja akanasaina asananyamuke kupita ku Ndola. Mwina ndikanasankhabe amayi aja, koma ndikanasankha makalata onse awiri ali patebulo. Chaka chatha mtsikana wina wa chaka chomaliza anabwera ku ofesi kwathu kudzafunsa malo, ndipo amayi anandiuza kuti ndimukonzere kalata. Pa chiganizo cha masiku ndinalemba tsiku la pamlungu, deti ndi ola, ndipo iwo ataiwerenga anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, anasaina osasintha kanthu.